Mpeni Wotsegula ndi Dzanja Limodzi

Langford atabwera ndi mpeni wakuda kuchokera ku Chongwe, mkazi wake Clotilda sanaukonde m'pang'ono pomwe. Pakhomo pawo ku Kanakantapa mipeni inalipo kale, chikwanje chinalipo, nanga wopindawu unali wa chiyani?

Bamboyo anafotokoza zimene wogulitsa anamuuza, kuti mpeni wotere amautcha takitiko. Akuti mpeni umakhala takitiko ukakhala wakuda kuti usanyezimire, ukamabisala m'thumba osaoneka, ndiponso ukamatseguka ndi dzanja limodzi. Anaukankha ndi chala chachikulu, mpeni uja n'kutseguka wokha.

Koma Clotilda za dzanja limodzizo zinamukhala pamtima. Munthu wodula zingwe za matimati amabisiranji mpeni? Ndipo dzanja limodzi likamatsegula mpeni, linalo limakhala likuchita chiyani? Yankho limene analipeza linali lakuti limakhala litagwira munthu pakhosi.

Munthu wake ankamudziwanso. Ng'ombe za Greenwell, woyandikana nawo munda, zinali zitathyola mpanda n'kudya theka la dimba, ndipo m'malo mopepesa Greenwell anangoti mpandawo unali wowola kale. Langford, amene amalongolola ngati wailesi, sanalalate. Anangoti duu. Mkazi amene wakhalitsa pabanja amadziwa kuti mwamuna wolongolola akatseka pakamwa, mawuwo sanathe, angosamukira kwina.

Kenako Langford njinga anaisiya n'kumayenda wapansi. Dzanja lamanzere silinkachokanso m'thumba la jekete, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi anapatsa Greenwell moni ndi dzanja limodzi, osagwirizira ndi linalo monga amachitira munthu waulemu, linalo lili phee m'thumba. Clotilda anaziona zonsezi. Ankaopa kwambiri, poti ankaona kale mwamuna wake atavala unyolo, mwana wawo Peace ndi abale ake akulozedwa zala kuti awo ndi a wakupha uja.

Anaganiza zouba mpeniwo n'kuuponya m'chimbudzi, koma mwiniwake sankasiyana nawo. Zouza abusa anaziopa, poti nkhani ya m'nyumba ikafika kwa abusa, amayi abusa aimva, ndiye kuti yatha basi.

Loweruka m'mawa Langford anati akupita kwa Greenwell kukakambirana. Clotilda anasiya mbale zosatsuka, anadulira m'munda wa chimanga n'kukamutsekera njira.

"Batate ba Peace, chosani kwanja m'thumba. Simuzapaya munthu ine nilipo."

Langford anamuyang'ana. Anapisa dzanja lamanja m'thumba la buluku, n'kutulutsa mpeni uja n'kumupatsa. Mpeni unali kumanja nthawi yonseyi. Nanga kumanzere ankabisa chiyani? Clotilda sanafunsenso, anangokoka mkono wa jekete.

Dzanja linatuluka lopanda kanthu, zala zitapindikira mkati, lozizira. Atalisiya linagwa pambali ngati nsanza yonyowa.

Langford anafotokoza akuyang'ana pansi. Dzanjalo linayamba ndi dzanzi ng'ombe zija zisanalowe m'dimba, ndipo n'chifukwa chake mpanda sanaukonze. Greenwell ananena zoona, nanga akanalalata chiyani? Mpeni wake wakale unkafuna manja awiri, ndiye anagula uwu kuti azidulabe zingwe popanda kuitana munthu. Lero ankapita kukapempha Greenwell yemweyo kuti amuthandize kumanga mpanda.

"Nenze kuyopa kuti uzaona kuti nasila," anatero, kutanthauza kuti ankaopa kuoneka munthu wotha ntchito.

Clotilda anagwidwa ndi manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Iye amene ankadziyesa wochenjera, wosaphonya kalikonse, anaona zonse koma matenda a mwamuna wake sanawaone. Anapinda mpeni uja n'kuubwezera m'thumba la buluku. Kenako anagwira mkono wakumanja wa malaya n'kumanga batani limene dzanja lodwalalo linkalephera kumanga, lomwe ankaliona lili lomasuka tsiku ndi tsiku, iye n'kumati mwamuna wake akukonzekera ndewu.