Lester Nkhwazi Sakana Munthu

Lester Nkhwazi anabwerera kwawo ku Chintheche imvi zitayamba, atagwira ntchito zaka zambiri pahotela ina ku Joni. Anayamba ndi kutsuka mbale, n'kukwera mpaka kukhala mkulu wa operekera zakudya. Anabwera ndi masuti, nsapato zosongoka, ndi phunziro limodzi limene ankalinena ngati vesi: mlendo satsutsidwa. Akati supu wazizira, umavomera. Akati watentha kwambiri, umavomeranso.

Chaka cha 2014, zitamveka kuti makhansala asankhidwanso, Lester anauza mkazi wake Phillis kuti aima nawo, payekha, wopanda chipani.

"Ndikhala meya wa tauni ino," anatero akupukuta nsapato.

"Kuno kulibe meya, bambo a Jackie. Mukhala khansala, ngati mungawine n'komwe."

"Ku Joni munthu wotere amatchedwa meya. Anthu azolowera."

Anazoloweradi, mwina chifukwa zinkawaseketsa. Oitanira minibasi pasiteji ankakuwa kuti "A Meya!" akamuona akudutsa mu suti dzuwa likuswa mtengo, iye n'kukweza dzanja pang'ono ngati ali m'galimoto.

Opikisana naye a zipani ankagawa nsalu ndi malaya. Lester analibe zogawa. Iye anati chida chake ndi makutu: apita kwa anthu gulu ndi gulu, akamve zofuna zawo.

Anayambira kwa asodzi cha ku Bandawe. Anawapeza m'mawa akuyanika usipa pamathandala. Mkulu wawo, Enos, anamulozera mpanda wa waya umene loji ina inamanga, n'kutseka njira yopita pamchenga.

"Ada," anatero monga amaitanira bambo kunyanjako, "makolo athu ankakokera mabwato pamenepo. Lero tikuzungulira kutali ngati akuba."

Lester anavula chipewa, n'kuuyang'ana mpandawo mwachisoni. "Ndamva, ada. Mpanda umenewu ugwa sabata yanga yoyamba."

Masana a tsiku lomwelo anali mkati mwa mpanda womwewo, akumwa tiyi ndi Griffin, manejala wa lojiyo. Antchito ake ndi mabanja awo analinso ndi mavoti. Griffin anadandaula kuti alendo akuthawa fungo la nsomba ndi phokoso la asodzi.

"Ine ndagwira ntchito ya alendo, ndikukumvetsani," anatero Lester. "Mpandawu ndi waufupi. Tiwonjezera ufike m'madzi."

Lachinayi anakakumana ndi amayi a Umanyano kutchalitchi. Wapampando wawo, mayi Olive, anati bala ya Peterson ikusokoneza mapemphero ndi nyimbo, ndipo amuna awo akuthera kumeneko. Lester analonjeza kuti balayo itsekedwa, ndipo anaimba nawo nyimbo yotsekera ndi mawu a besi. Loweruka anali kwa Peterson, amene anadandaula kuti amamukakamiza kuzimitsa chilimba msanga. Lester anamutsimikizira kuti tauni yotukuka sigona, ndipo m'boma lake bala izikhala yotsegula ngakhale Lamulungu.

Phillis zonsezi ankazimva kumsika, kumene ankagulitsa ufa wa kondowole.

"Nanga tsiku limene adzakumane anthu amenewa?" anamufunsa.

"Msodzi ndi manejala wa loji angakumane kuti? Kuhotela tebulo lililonse limadya zake."

Anakumana. Bungwe lina loona za chisankho linakonza mtsutso wa opikisana onse pabwalo la sukulu, ndipo anthu anadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango. Woyendetsa anali aphunzitsi a Mathews, ochokera ku Dedza, amene anasankhidwa chifukwa analibe mbale aliyense m'deralo. A zipani analankhula oyamba. Wina analonjeza fakitale ya mpunga ku Limphasa. Wina analonjeza bwalo la mpira lokhala ndi magetsi. Anthu anaomba m'manja mwaulesi.

Itafika nthawi ya mafunso, mayi Olive anaimirira atavala yunifolomu yawo yoyera.

"Ine ndilibe funso. Ndikungothokoza a Meya potilonjeza kuti atseka bala ya Peterson. Yewu, ada."

Amayi analulutira. Peterson anadzuka kumbuyo.

"Atseka ya ndani? Ine anandiuza kuti ndizitsegula ndi Lamulungu lomwe!"

Aphunzitsi asanakhazikitse bata, Enos anaimirira kufunsa ngati asodzi abwere ndi zikwanje zawo tsiku logwetsa mpanda, kapena boma libweretsa. Griffin, amene anakhala kutsogolo pampando wapulasitiki, anatembenuka n'kufunsa kuti akunena mpanda uti. Bwalo lonse linawira. A zipani ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Phillis anaphimba kumaso ndi chitenje.

"A Nkhwazi," anatero aphunzitsi a Mathews, "tiyankheni. Zoona n'ziti?"

Lester anaimirira, n'kumanga batani la jekete. Sanachite mantha. Kuhotela anaimapo pakati pa mlendo wokwiya ndi wophika wogwira mpeni.

"Abale anga," anayamba modekha, "ndale ndi ndale. Munthu wofuna voti amalankhula zambiri, si zonse zochokera pansi pa mtima. Koma pali amene ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza zoona zenizeni. Eni akewo akudzidziwa. Sindiwatchula pagulu."

Atatero anayang'ana pakati pa khamulo, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wauza wina chinsinsi. Anakhala pansi.

Phillis anadziwa kuti basi, zathera pomwepo. Koma m'mawa mwake mayi Olive anabwera kudzagula ufa, n'kumunong'oneza.

"Amuna anu ndi ochenjera. Petersoniyo angomunamiza kuti am'tenge voti. Ife anatiuza m'nyumba ya Mulungu, sanganame mmenemo."

Mkazi wa Enos ananena zake: ndi mwana wa kunyanja ameneyu, sangagulitse abale ake chifukwa cha kapu ya tiyi. Ku bala nkhani inali yakuti amayi a Umanyano anangosangalatsidwa ngati ana, zenizeni amuna amauzana pa botolo. Griffin naye anauza antchito ake kuti munthu amene waona dziko amadziwa kufunika kwa alendo.

Lester anawina ndi mavoti ambiri moti womutsatira pa mavotiwo sanavutike n'kudandaula komwe.

Chisangalalo sichinakhalitse. Analibe ofesi ku Chintheche, misonkhano inkachitikira ku boma ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko anamuuza kuti nkhani za malo, mipanda ndi malaisensi zili ndi eni ake ndi njira zake zazitali. Choncho ofesi inasanduka khonde lake. Asodzi akabwera ankawalandira kumaso kwa nyumba, amayi a Umanyano kuseri. Akaona magulu awiri akutulukira nthawi imodzi, ankazembera m'munda wa chinangwa mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi iliyonse yoyamba kuima. Tsiku lina anakathera ku Dwangwa.

Lolemba lina m'mawa Phillis anamupeza akusuzumira pawindo. Pabenchi la pakhonde panakhala Enos ndi Griffin, phewa ndi phewa. Pambali pawo mayi Olive ndi Peterson. Anali atagwirizana chinthu chimodzi chokha: kubwera limodzi. Kumunda wa chinangwa nako kunali asodzi awiri, atakhala pachulu.

"Tulukani," anatero Phillis. "Ine ndatopa kunena kuti mwapita kumaliro. Abale athu onse atha."

Lester anavala tayi, n'kutuluka akumwetulira. Anapatsa aliyense moni wa manja awiri. Enos sanadikire.

"Ada, tonse tilipo. Mpanda ukugwa kapena ukukula?"

"Funso lalikulu limeneli," anatero Lester, "ndipo munthu mmodzi sangaliyankhe m'dziko la demokalase. Anthu ayenera kutenga mbali. Lero lomwe ndikukhazikitsa Komiti ya Chitukuko cha Tauni. Ada Enos, inu wapampando. A Griffin, mlembi wamkulu. Mayi Olive, msungichuma. A Peterson, inu muziona za mwambo."

Anayiwo anayang'anana. Kenako Enos anakhosomola, n'kukonza kolala ya malaya ake.

"Wapampando amakhala ndi chidindo?"

"Chidindo chake chake."

Griffin anafunsa chifukwa chake iyeyo, munthu wa sukulu, akhale pansi pa msodzi. Mayi Olive anati sangasunge chuma m'komiti imene mwambo ukuyang'aniridwa ndi wogulitsa mowa. Peterson, monga mkulu wa mwambo, anawalamula kuti abweze mawuwo. Anakangana za maudindo mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndipo anagwirizana zokumananso kuti akambirane malo ochitira msonkhano woyamba. Griffin anapereka chipinda cha kuloji. Enos anafunsa kuti alowera pati.

Lester anali atalowa kale m'nyumba, atavula nsapato. Anauza Phillis kuti alendowo awapatse madzi akumwa.