Nkhope ya Coral mu Nyuzipepala

Noeline anatsika sitima ya m'mawa nyuzipepala ili m'khwapa, n'kuliyatsa liwiro. Kuchokera pasiteshoni kukafika ku zisakasa zathu za malata m'mbali mwa mtsinje, kumene azungu a m'tauni anatikankhira ife Aaborijini, pali kamtunda ndithu, koma iye sanapume ngakhale pamthunzi wa bulugama.

Mkaziyu sanali woipa mtima ayi. Ku Sydney ankalemba ndakatulo, kujambula zithunzi ndi kukuwa pamisonkhano kuti dziko lione mmene eni nthakafe tikuzunzikira. Mwezi wapitawo anabwera kudzajambula madenga athu odontha ndi ana akusamba kumtsinje. Koma kukhalitsa m'tauni kumaiwalitsa! Coral, mwana wa Merle, mkulu wake wa Noeline, anabadwa woyera khungu, ndipo ana otere a boma ankawanyamula n'kukawalerera kutali, osadzaonekanso. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse Merle ankamupaka makala osakaniza ndi mafuta. Tsiku lojambulalo madzi a mumtsinje anali atatsuka zonse. Pachithunzi chimene chinatuluka m'nyuzipepalayo Coral anali mbee pakati pa anzake, mano onse pamtunda, ndipo m'munsi mwake munali ndakatulo ya Noeline yotchula dzina la mtsinje wathu.

Noeline anapeza Merle akufukula buledi paphulusa.

"Iii, a m'tauni afika!" anaseka Merle. "Lero mwadzajambula chiyani, nsabwe zathu?"

"Achemwali, taonani izi."

Merle anayang'ana pepalalo, buledi n'kugwera pansi. Sanakuwe. Anangofunsa motsitsa mawu, "Iwe Noeline, nyuzi imeneyi a boma amawerenga?"

"Amawerenga. Ndimutenge pa sitima yamasana, ndikamubise kwanga."

"Sitima yake iti?" anatero amalume Clarrie, amene ankasoka ukonde chapafupi. "Wapolisi amachita kugona pasiteshoni paja. Munthu wakuda atanyamula mwana woyera, ukuganiza kuti akakupatsa moni?"

Asanagwirizane chilichonse, agalu anayamba kuuwa chakumsewu. Kwathu galimoto silinkabwera kudzacheza. Azimayi anabalalika, aliyense kuitana wake. Merle anakokera Coral m'chisakasa, ndipo iye ndi Noeline anamupaka makala kumaso, m'khosi, ngakhale kuseri kwa makutu.

"Mukundipweteka, amayi aang'ono," anadandaula Coral. Anali ndi zaka zinayi zokha.

"Pepa mwanawe. Ukatuluka uyang'ane pansi. Usalire, wamva? Chilichonse chichitike, usalire."

M'galimoto lakuda munatsika wapolisi ndi mayi wachizungu wovala chipewa. Mayiyo anali ndi nyuzi yomweija, ataipinda bwinobwino. Analamula kuti ana onse afole pamzere.

Noeline, amene ankalankhula pamaso pa chinamtindi cha anthu osaphethira, anayandikira mayiyo mwamantha. Anadzikakamiza kulankhula.

"Mwana mukufunayo si wakuno. Ndinabwera naye ndine kuchokera ku Sydney, ndipo anabwerera."

"Kani ndinu munajambula?" anamwetulira mayiyo. "Zikomo kwambiri. Chikhala kuti si inu, sitikanadziwa."

Mawu amenewo Noeline anawamva ngati mbama. Mayiyo anayamba kuyenda pamzerewo pang'onopang'ono, kukweza chibwano cha mwana aliyense ndi chala, kuyang'ana papepala, kupita kwa wina. Panali zii, ngakhale agalu analeka kuuwa. Coral anali chakumapeto, maso ali pansi monga anamuuzira. Mayiyo anafika pa iye, anamuyang'ana, anadutsa.

Noeline anatsala pang'ono kugwa ndi chimwemwe. Koma wapolisi uja, posowa chochita, anamenya galu ndi nsapato, galuyo n'kulira kuti kwee! Coral anadzidzimuka. Kamlomo kanayamba kunjenjemera, kenako misozi mbwe mbwe mbwe, kutsika m'masaya n'kusiya mizere iwiri yoyera. Mayiyo anacheuka.

Zotsatirazo ine sindikonda kuzifotokoza. Mayiyo atalowetsa Coral m'galimoto, Merle anakakamira chitseko chake mpaka wapolisi anachita kumukanula zala. Wapolisiyo anagwetsera amalume Clarrie m'fumbi. Noeline anathamangira galimotolo akukuwa dzina la mwanayo mpaka mpweya unamuthera, kamera yake ikumumenya pachifuwa.

Atabwerera, anapeza Merle atagwada pamene galimoto linaima. Mayi uja anali atataya nyuziyo pansi, ntchito yake itatha. Merle anaitola, anaikuntha fumbi, nayamba kung'amba mosamala m'mbali mwa nkhope ya mwana wake, ndakatulo yonse n'kuisiya igwe.

"Achemwali," anayamba Noeline.

"Usandiyandikire."

Merle anaika kapepalako m'kati mwa diresi lake, pachifuwa. Kenako anamufunsa mng'ono wakeyo osamuyang'ana.

"Uli nacho chithunzi china choti akuoneka bwino?"