Nyumba Yaulere ya ku Dar es Salaam

Pasipoti ya Shamsa itatuluka, m'nyumba mwa a Abdulhamid munalowa nkhawa m'malo mwa chimwemwe. Shamsa, mwana wawo woyamba, ankagulitsa zitenje pamsika wa pa Boma ku Nkhotakota, ndipo anali atatopa ndi kuoda katundu kwa anthu ena. Ankafuna kukapikula yekha ku Dar es Salaam. Koma kutali komwe mtsikanayu anali atafikako ndi ku Mzuzu basi. Akakatsika basi mumzinda wa eni ake, akagona kuti?

Yankho linabwera msanga. Pagulu la WhatsApp la ochita malonda, munthu wina dzina lake Sadick anamulembera uthenga. Anati agogo ake anali a ku Kota Kota konkuno, ndipo mwana wakwawo sangagone kuloji iye ali moyo. Nyumba yaulere, chakudya chaulere. Shamsa anamutumizira chithunzi chake ndi tsiku la ulendo kuti akamuchingamire.

Bambo ake anakondwa. Kunyanja kuno mlendo sabwezedwa, ndipo iwowo agonekapo asodzi ambirimbiri othawa mphepo ya mwera osawafunsa ndi dzina lomwe.

"Alihamudulillahi," anatero a Abdulhamid. "Zimene timachitira ena zatibwerera."

Koma a Tatu, mayi ake a Shamsa, mtima sunakhale m'malo. Anaitana Mai Iness, oyandikana nawo nyumba, amene akhala akudutsa pachipata cha m'malire cha Songwe ndi katundu kwa zaka zambiri.

"Nyumbayo ili dera liti?" anafunsa Mai Iness atamva nkhaniyo.

"Sananene," anayankha Shamsa.

"Amakhala ndi ndani? Nkhope yake waionapo pavidiyo?"

"Ayi. Angoti ndikafika ndikawapatse pasipoti andisungire, poti kumeneko akuba ndi ambiri."

Mai Iness anagwira pakamwa. Anasimba za mtsikana wina wa kufupi ndi Dwangwa yemwe analonjezedwanso nyumba yaulere. Atangofika anamulanda pasipoti ndi foni, namutsekera m'nyumba kuti azigwira ntchito yopanda malipiro. Makolo ake anatha miyezi osamva mawu ake. A Tatu anagwira dzanja la mwana wawo ngati kuti basi yaima kale pakhomo.

A Abdulhamid anapukusa mutu. "Mayi, munthu wakupatsani nyumba, inu muzimupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi? Zamanyazi zimenezo. Mwini nyumba safunsidwa."

"Msodzi amene mumamugoneka uja amaona nkhope yanu, bambo, ndipo mudzi wonse umakudziwani," anatero Mai Iness. "Nanga uyu akumudziwa ndani? Safunsa anadya phula. Muimbireni pompano tonse tikumva."

Shamsa anaimba. Anapempha mwaulemu dzina la dera ndi la msewu.

"Mlongo wanga, ukundikayikira?" anatero Sadick uku akuseka. "Iwe ungotsika basi, anyamata anga akutenga. Koma ubwere wekha, malo ndi ochepa."

A Abdulhamid anatenga foniyo. "Asalamu aleikumu, mwananga. Ndine bambo ake. Agogo akowo anali a mudzi uti? Ankaswali mzikiti uti?"

Pomwepo foni inaduka. Anaimbanso, osalowa. Apa mkuluyo anazindikira kuti mwana wawo ankafuna kumupereka okha m'manja mwa munthu wosadziwika.

Mai Iness anati Shamsa apite nawo limodzi, chifukwa iwo ndi amayi anzawo ankanyamukanso tsiku lomwe iye anakonza. Anaimbira loji ina ya kufupi ndi msika wa Kariakoo komwe amayi a ku Malawi amakonda kufikira. Wolandira alendo anawaonetsa chipinda pavidiyo, chitseko chake ndi loko wake, ndipo analonjeza kutumiza dalaivala wodziwika dzina. Kunyumba anasiya dzina la lojiyo, nambala yake, nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ndi fotokope ya pasipoti. Pasipoti yeniyeniyo Shamsa anaisokera kathumba kovala mkati mwa diresi.

Ulendo unali wautali, miyendo mpaka kutupa. Atatsika basi ku Dar es Salaam, Shamsa anaona anthu ochuluka kuposa onse amene anawaonapo chibadwire. Ali mkati motsitsa chikwama, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Shamsa! Shamsa wa ku Kota Kota!"

Amuna awiri osawadziwa anali ataima pakhomo la basi. Mmodzi ankayang'ana pafoni, n'kumayang'ananso nkhope za amayi otsika. Pafonipo panali chithunzi chake chija. Shamsa anafuna kucheuka.

"Usacheuke," ananong'ona Mai Iness. "Kokera mpango kumaso, uyende pakati pathu."

Amayi aja anamuzinga uku ndi uku mpaka pagalimoto ya kuloji. Amunawo anatsatira pang'ono, koma ataona gulu ndi dalaivala, anasowa m'chipwirikiti. Mai Iness anakapereka nambala ya Sadick kupolisi, nachenjezanso onse a pagulu la WhatsApp lija.

Atakiya chitseko cha chipinda chake, Shamsa anaimbira kunyumba.

"Baba, ndafika. Anabwera kudzanditenga, anali awiri. Koma ndili bwino."

Mawu a bambo ake anali a munthu amene akulira. "Mwananga, ndikanakutaya chifukwa choopa kufunsa."

Shamsa anabwerako ndi zitenje zake, ali wamoyo ndi wamtendere.

Musananyamuke ulendo wa kunja, dziwani dzina ndi dera la kumene mukagone, ndipo abale anu adziwenso. Yendani ndi anthu odziwa njira. Pasipoti yanu musasungitse kwa munthu aliyense. Kufunsa si mwano: munthu wofuna kukusungani mwachilungamo sabisa pamene amakhala.