Nthochi Zisanu ndi Ziwiri m'Boti la Ashaki

Chipsera chili pamwendo wanga wamanzere chandimwetsa mowa waulere zaka makumi atatu. Aliyense pa bala yakudoko kuno ku Port Lincoln amadziwa kuti Clarrie Voigt analumidwa ndi shaki. Zoona zake n'zakuti ndinagwa padenga la khola la nkhuku, lata n'kunding'amba. Ankadziwa zimenezi ndi mkazi wanga Dulcie, ndipo iye tinamuika m'manda zaka zisanu zapitazo.

Pali chinanso. Ndagwira ntchito m'maboti opha nsomba za tuna kuyambira pomwe ndinathawa sukulu, koma kusambira sindidziwa. Asodzi ambiri a nthawi yathu sitinkaphunzira. M'nyanja yozizira ngati yathuyi, kusambira kumangochedwetsa maliro.

Mavuto anayamba pamene mwana wanga Kerryn anabwera kutchuthi kuchokera ku Adelaide ndi mwamuna wake Gavin, wogulitsa makapeti. Masiku atatu anandizunguza m'galimoto kukaona gombe. Tinakaima pamwamba pa matanthwe, mphepo ikutimenya. Tinapita ku Coffin Bay kukadya nkhono zosaphika titakhala m'madzi ngati anthu osowa mipando. Gavin ankajambula chilichonse, ngakhale chikwangwani choloza kuchimbudzi.

"Apongozi, taonani kukongola kwa thanthwe ilo!"

"Ndi mwala, Gavin. Ndauona kuchokera kunyanja zaka makumi anayi. Kumbuyo kwake kulinso mwala."

Tsiku lachitatu Kerryn anandipatsa envulopu, akumwetulira ngati mayi ake. Munthu akakupatsa envulopu akumwetulira, dziwa kuti muli zoipa.

"Adadi, iyi ndi mphatso yanu ya zaka makumi asanu ndi awiri. Mawa tikupita ku zilumba za Neptune. Mukalowa m'khola la zitsulo, akakutsitsani m'madzi, mukaonane ndi ashaki maso ndi maso. Mwina mukam'peza mnzanu anakulumani uja."

"Ameneyo anafa kalekale."

"Ndawaitananso a Merv kuti akakhale mboni."

Merv Pascoe ndi mnzanga wa pa bala. Takhala pa tebulo limodzi kuyambira tili ndi tsitsi, ndipo sindinamukhulupirirepo. Iyenso nkhani ya chipsera sanaikhulupirirepo. Nthawi zonse amati, "Shaki wakoyo anali ndi dzino limodzi, lowongoka ngati rula?" Ndinadziwa kuti ndikakana kulowa m'kholamo iye akuona, mbiri yanga yathera pomwepo. Ndikalowa, ndifa. Njira inali imodzi yokha: ashakiwo asabwere.

Msodzi aliyense amadziwa kuti nthochi sizikwera boti. Zikakwera, nsomba sizibwera. Ine ndinazionera ndekha: chaka china wophika wathu anabisa nthochi m'kabati, tinatha milungu iwiri osaona tuna ngakhale mmodzi. Choncho madzulo amenewo ndinapita kusitolo ya kutali, komwe sandidziwa, n'kugula nthochi zisanu ndi ziwiri zakupsa bwino. Ndinazigawa m'matumba a chijasi changa chakale.

Tinanyamuka m'mamawa. Kaputeni anali Bronte Kelsh, mwana wa malemu Lofty amene ndinagwira naye ntchito. Ndinam'dziwa akadali wamamina, lero akulamula boti lodzaza alendo.

"Amalume Clarrie! Inu kubwera kudzaona ashaki ngati mlendo?"

"Andikakamiza."

"Chijasicho vulani, lero kutentha."

"Ndili ndi chimfine."

Ulendo wake ndi wa maola atatu. Alendo theka anakhala atakumbatira ndowa zosanziramo. Gavin anali wobiriwira kumaso koma akujambulabe. Titafika, akatumbu a m'nyanja anali gonegone pamiyala, akununkha monga mwa masiku onse, alendo n'kumakuwa ngati aona angelo. Antchito anatsitsa khola kumbuyo kwa boti, n'kuyamba kuthira magazi ndi matumbo a tuna m'madzi.

Gulu loyamba linalowa, linatuluka. Tinsomba tokhatokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Maola awiri anadutsa popanda ngakhale chipsepse. Mumtima ndinkavina.

"Clarrie, sulowa?" anafunsa Merv.

"Ndilowa shaki akabwera. Sindinabwere kudzaonera timatemba."

"Ukutuluka thukuta ngati nkhumba, mdala iwe. Vula chijasi."

"Chijasi ndi changa, thukuta ndi langa."

Bronte ankayendayenda, akukanda mutu. "Dzulo analipo anayi pomwe pano. Sindikumvetsa."

Zikanatha bwino pakanapanda Gavin. Anafuna kujambula mbalame, funde linagwedeza boti, iye n'kundigwera pamiyendo ndi thupi lake lonse la makapeti. Ndinamva kuti phwa! m'thumba lakumanja. Atadzuka, phala lachikasu linali likutuluka pa msoko.

Merv ananunkhiza. Kenako anavula chipewa chake pang'onopang'ono ngati pamaliro.

"Bronte, mwanawe, tabwera udzaone. Nthochi."

Antchito anasiya zonse. Mmodzi analavula m'madzi. Alendo ankangoyang'anana, osadziwa kuti chalakwika n'chiyani. Bronte anandipisa m'matumba yekha, akuzitulutsa imodziimodzi n'kumaziika pa benchi ngati apolisi apeza mfuti.

"Amalume Clarrie. Inu? Zaka makumi anayi panyanja?"

"Ndikudabwa nanenso," anatero Merv, maso ali pa ine. "Msodzi angatenge nthochi chifukwa chiyani? Pokhapokha ngati sakufuna kuti nsomba zibwere."

Amene anandipulumutsa ndi Gavin yemweyo, chitsiru chimene chinandiulula.

"Ayi, musawaganizire zoipa apongozi. Nthochi zimateteza kukokana kwa minofu m'madzi ozizira. Ndinawerenga. Paja adokotala ndi amene anakuuzani, eti?"

"Adokotala," ndinavomera msanga. "Anachita kundilembera."

"Zisanu ndi ziwiri?" anafunsa Merv.

"Ndi dokotala wamkulu."

"Zitayeni m'madzi!" anakuwa wantchito uja.

"Sizingatheke," anatero Bronte. "Kuno ndi malo otetezedwa, m'madzi timaponya nyambo yokha. Koma m'boti langa sizikhala. Poti ndi mankhwala, amalume, imwani. Onse."

Ndinadya anthu makumi atatu akundiyang'ana. Ziwiri zoyamba zinalowa bwino. Yachitatu inali yophwanyika ija, yosakanikirana ndi ulusi wa m'thumba ndi tikiti yakale ya basi. Pofika yachisanu alendo anayamba kuwerenga mokweza, ena m'zilankhulo zakwawo. Merv ankandisendera.

"Meza, m'bale wanga. Adokotala asakhumudwe."

Makoko anawaika m'kaboti kakang'ono kamene amakoka kumbuyo, n'kutalikitsa chingwe mpaka kanaoneka ngati kadontho. Panabuka mkangano wakuti kodi nthochi ili m'mimba mwa munthu imawerengedwa kuti ili m'boti. Bronte anagamula kuti ikadutsa pakhosi si nthochinso.

Ndinameza chidutswa chomaliza. Ndisanapukute n'komwe pakamwa, wina anakuwa: "Shaki! Uyo! Wamkulu!"

Ndiye wina asadzandiuze kuti za nthochi n'zabodza.

Ine sindinamuone, chifukwa anthu onse anathamangira mbali imodzi, ine ndili chikhalire ndi mimba ngati ng'oma. Anandivula chijasi, anthu awiri n'kundilowetsa m'chovala cha mphira ngati akulonga soseji. Merv anawerama kuyang'ana chipsera chija chisanabisike.

"Chowongoka bwino," anatero. "Pita ukam'funse ngati anamera mano ena."

Bronte anandimanga lamba wolemera m'chiuno, pamwamba penipeni pa nthochi. Pa makwerero ndinam'gwira mkono n'kumunong'oneza.

"Mwanawe, ine kusambira sindidziwa."

"Bambo anganso sankadziwa," anayankha motsitsa mawu. "M'kholamo sasambira, amalume. Mungoima ngati nkhuku. Lumani paipi iyi, muzipuma. Manja asatuluke kunja."

Kerryn ndi Gavin anatsika poyamba, ine pambuyo. Madzi anandilowa m'khosi ngati mpeni. Mutu utangomira ndinatseka maso. Mapazi atagunda pansi pa khola ndinatembenukira komwe ndinkaganiza kuti kuli boti, chifukwa ngati kufa n'komweku, ndinafuna kufa nditaloza kwathu. Nthochi zinayamba msonkhano m'mimba. Ndinapinda manja pachifuwa n'kufinya kuti zisakwere, poti ndinalibe chikhulupiriro kuti paipiyo ingapirire.

Ndinaima choncho, ndikupuma ngati ng'ombe. Nthawi ina khola linagwedezeka kwambiri, chitsulo chinalira kumbuyo kwanga. Ndinati ameneyo ndi Gavin, wagweranso munthu. Wina anandikoka phewa kangapo. Ndinakana kutsegula maso. Munthu akakukoka phewa amafuna kukuonetsa chinthu, ndipo ine sindinkafuna kuona chilichonse.

Atanditulutsa, boti lonse linkaomba m'manja. Mayi wina wachilendo anandipsompsona pamphumi popanda kupempha. Ndinaganiza kuti akundiseka, mpaka Gavin anabwera ndi kamera yake ya m'madzi.

Pachithunzipo panali ine, nditaima njo, manja opinda ngati munthu wodikira basi. Magalasi a m'madzi amene anandiveka ankanyezimira, maso osaoneka. Kumbuyo kwanga, kuseri kwa zitsulo, kunali chimutu chachikulu ngati chitseko cha galimoto, kukamwa yasa, mano ngati macheka.

"Analuma khola kawiri!" anatero Gavin. "Tonse tinathawira pakona. Apongozi osatembenuka n'komwe!"

Merv anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana ine, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Wam'fulatira," anatero ndi mawu ang'ono. "Munthu uyu wam'fulatira shaki."

"Ndinamuona kale," ndinatero. "Akakuluma kamodzi, ena onse amafanana."

Nditanena zimenezi ndinapempha ndowa.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo ndekha, nditafunda bulangete. Kerryn anabwera ndi tiyi, n'kukhala pambali panga.

"Ndinakukokani phewa kasanu, adadi."

"Ndinali wotanganidwa."

"Munatseka maso. Ndinali pafupi, ndinaona." Anapemerera tiyi wake. "Za khola la nkhuku amayi anandiuza ndili ndi zaka khumi."

Dulcie! Zaka zonsezo ndikumugulira maluwa.

"Ndiye unandibweretseranji kuno, mwana woipa iwe? Kuti ndife?"

"Kuti mukhale ndi nkhani imodzi yoona. A Merv sindiwauza. Za masozo ndi zathu."

"Nanga Gavin?"

"Gavin amakhulupirira chilichonse. N'chifukwa chake ndinakwatiwa naye."

Chithunzicho tsopano chili pakhoma pa bala yakudoko, pamwamba pa tebulo lathu. Za chipsera palibenso amene amafunsa. Merv ndiye amafotokoza nkhaniyo kwa alendo, ndipo ulendo uliwonse shakiyo amatalika. Loweruka lililonse wina amandiikira nthochi pambali pa botolo, anthu n'kumaseka ngati n'zatsopano.

Koma ine ndikachiyang'ana chithunzicho mtima sukhazikika. Makina a masiku ano amatha kuika chilichonse kumbuyo kwa munthu, ndipo Gavin anakhala nayo yekha kamerayo mphindi zingapo ndisanatuluke. Anthu makumi atatu akuti anamuona shakiyo. Anthu makumi atatu omwewo anakhulupiriranso za dokotala. Ine ndinapita ku Neptune, ndinalowa m'khola, ndinadya nthochi zisanu ndi ziwiri, ndipo shaki sindinamuone.