Malaya Osalowa Mano a Ng'ona

Ng'ona inagwira Iness m'mwezi wa Januwale, akuwokera mpunga kudambo la kumunsi kwa Mwadzama, pamene mtsinje umasefukira usanathire m'nyanja. Madzi ankangolekeza m'mawondo. Inamuluma pantchafu ya kumanzere n'kuyamba kumukokera kwakuya, koma amayi anzake anathamanga ndi makasu n'kuimenya kumutu mpaka inamusiya. Kuchipatala anakhalako milungu isanu ndi umodzi. Mwendo unapulumuka, koma anatuluka akutsimphina, ndipo kuyambira pamenepo sanafunenso kuyandikira madzi ochuluka kuposa a mundowa.

Mwamuna wake, Maganizo, anali wowotcherera zitsulo. Anali ndi kashedi pamsika, momwe ankakonzera mawilibala, mafelemu a zitseko ndi njinga zothyoka. Tsiku la ngoziyo iye anali kushediko, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Oyang'anira nyama zakutchire anabwera n'kuwombera ng'ona imodzi yaikulu, anthu n'kusangalala. Sabata isanathe, ina inaoneka ikuwothera dzuwa pamalo omwewo.

Masiku amenewo Maganizo anayamba kuthera nthawi yopuma akuyang'ana pafoni. Anapeza makanema a akatswiri akunja akufotokoza zida zam'tsogolo. China chinali ngati mfuti, koma m'malo mwa chipolopolo chinkatulutsa kuwala kobiriwira kotchedwa leza, komwe kamathobwa munthu m'maso kwa kanthawi popanda kumupha. China chinali chovala chopepuka chokuta thupi lonse, chimene ankati ngakhale mpeni sungachiboole. Anagula kope la ana asukulu n'kuyamba kujambula.

Tsiku lina masana anamuonetsa Iness zojambulazo ali pakhonde akusenda chinangwa.

"Mayi a Sara, taonani. Ng'ona sitingazimalize, ndipo kuzipha n'kulakwira lamulo. Koma ikamabwera n'kuithira kuwala m'maso, ibwerera. Ikati yaluma, ipeza malaya awa, mano osalowa. Chaka chino mubwereranso kumunda wanu."

Iness anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Munthu ameneyu akuoneka ngati kamba," anatero.

"Kamba salumidwa."

"Bambo a Sara, ine kudambo sindipitanso. Musadzivutitse."

Koma Maganizo sanamve. Anapita kwa mnzake Hussein, mwini golosale yoyandikana ndi shedi yake, amene ankapita ku Lilongwe mwezi uliwonse kukapikula katundu. Hussein anabwerako ndi kaleza kakang'ono ngati cholembera. Atakayatsa m'golosalemo, kadontho kobiriwira kanavina pamatumba a shuga.

"Wallahi, achimwene, aka n'koseweretsa," anatero Hussein. "Ng'ona yamamita anayi ithawe kadontho aka?"

"Diso ndi diso, ngakhale la ng'ona," anayankha Maganizo.

Malayawo anamutengera miyezi itatu. Anapeza matayala awiri akutha a lole, n'kuwacheka zidutswa, n'kuzilumikiza ndi waya ndi mabawuti. Pachifuwa ndi pantchafu anaikapo timalata. Kuti aone kulimba kwake, anakhoma misomali pathabwa ngati mano n'kumenyetsa pamalayapo ndi hamala, misomali n'kupindika. Anthu apamsika ankaima pakhomo la shedi kumaonerera. Ena anamupatsa dzina loti Msilikali wa Matayala. Iye ankangoseka nawo, koma zala zake zinali mabala okhaokha.

Mvula itayamba mu Disembala, madzi atadzazanso dambo, Maganizo anati nthawi yoyesa yakwana. Sakanaveka mkazi wake chinthu chimene iye sanachiyese. Loweruka m'mawa ananyamula malayawo pawilibala kulowera kudambo, Hussein ali pambuyo ndi kaleza kaja. Atayenda pang'ono anamva kugogoda kwa ndodo. Anali Iness.

"Sindikupita kumadzi," anatero. "Ndikaima pachulu. Ndikufuna ndione ndekha zopusa zanuzi."

Kuvala kokha kunatenga nthawi. Hussein anamumanga mawaya akumsana, ndipo Maganizo ataimirira manja ake sankatha kufika m'mbali. Thukuta linali kamukamu. Hussein anayatsa leza n'kuloza pamadzi, koma dzuwa linali litakwera ndipo kadonthoko sikanaoneke n'komwe.

"Mwina pamthunzi," anatero Hussein, n'kutsikira kumunsi kumene kunali bango, kukafuna ng'ona yoti ayeserepo.

Maganizo sanadikire. Analowa m'madzi pang'onopang'ono, mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno. Anatembenuza mutu kuti amwetulire mkazi wake. Pamenepo phazi lakumanja linatitimira m'matope. Atayesa kulizula, lakumanzere linatitimiranso. Anapendekeka n'kugwa chagada. Madzi analowa m'malayamo ndipo kulemera kwake kunamukanikizira pansi. Sankatha kupinda msana kapena mawondo. Nkhope yake inatuluka kamodzi, akutsamwa, n'kumiranso.

Iness anakuwa kuitana Hussein, koma Hussein anali patali. Anataya ndodo n'kutsika pachulu, akukoka mwendo wolumalawo. Madzi atamukhudza kumapazi thupi lonse linazizira, koma sanaime. Anafufuza ndi manja m'madzi amatopewo mpaka anagwira tayala la pakhosi. Kumudzutsa sakanatha. Anagwada, madzi akumufika pachifuwa, n'kulowetsa bondo lake pansi pa mutu wa mwamunayo kuti mphuno ikhale pamwamba.

"Pumani! Musagwedezeke, ingopumani!"

Maso ake sanali pa mwamunayo. Ankayang'ana kubango, kumene madzi ankachita timafunde, osadziwa ngati ndi mphepo kapena china. Anakhala choncho mpaka Hussein anafika wefuwefu, n'kudula mawaya akumsana ndi pulayala imene inali m'wilibala. Anamusolola Maganizo ngati nkhono m'chigoba chake, n'kumukokera kumtunda.

Atafika pouma, Iness ndiye anayamba kunjenjemera. Anakhala pansi, mano akugundana. Maganizo anasanza madzi, kenako anakwawa kudzakhala pambali pake.

"Ndikhululukireni, mayi a Sara. Ndimafuna musamaope."

"Ndiye ndikhale wamasiye kuti ndisaope?" Mawu ake anali osasa. "Miyezi yonseyi mwakhala mukulankhula ndi matayala. Ine simunandifunsepo chimene ndikufuna."

Maganizo anaweramitsa mutu. Hussein anapita kukaima patali, akufinya malaya ake.

"Nanga mukufuna chiyani?" anafunsa Maganizo motsitsa mawu.

Iness anatembenuka n'kumuyang'ana. "Ndatopa kuchapira m'beseni kuseri kwa nyumba ngati wodwala. Anzanga onse amachapa padooko, nkhani zonse zimakambidwa kumeneko. Inu mumadziwa zitsulo. Bwanji osatchinga malowo, ng'ona ikhale kwake, ife kwathu?"

Mlungu wotsatira Maganizo anayeza dooko ndi chingwe. Amayi akutchalitchi cha Angilikani kumene banjali linkapemphera anabweretsa mitengo ya bulugamu, ndipo Hussein analankhula ndi anzake akumzikiti, iwo n'kupereka waya wa mauna. Anazika mitengo m'madzi mozungulira ngati khola, Maganizo n'kuwotcherera chitseko cha kumtunda kuti ng'ona isalowere pouma. Malaya aja anawavuula n'kuwapatsa wosoka nsapato wapamsika. Leza inatsala m'kabati ya Hussein.

Chaka chimenecho Iness sanabwerere kudambo. Munda wampunga analima ndi mng'ono wake Liness, iye n'kulima chinangwa kumtunda. Koma mu Epulo anasenza beseni la zovala n'kupita padooko. Tsiku loyamba anachapira m'mphepete, madzi akungonyowetsa zala zakumapazi, ndipo amayi anzake anangomusunthira malo pamwala.

Atabwerako anadzera kushedi, beseni lili pamutu.

"Bambo a Sara, pakona ya kumunsi madzi akukumba pansi pa waya. Mwana wang'ona angathe kudutsapo."

Maganizo anazimitsa makina, n'kufunsa kuti dzenjelo ndi lalikulu bwanji. Iness anamuonetsa ndi manja. Maganizo anatenga zitsulo ziwiri ndi hamala, n'kutseka shedi dzuwa lili pamutu.