Foloko Yodalira Mpweya

A Sipoko anali atakonza njinga zaka makumi atatu, koma foloko yodalira mpweya, ija yogwira gudumu lakutsogolo, anali asanaitsegulepo. Zawo zinali njinga za anthu wamba, zoti ikakhota uwongole ndi chitsulo, ikalira uithire oyilo, basi. Iyi inali ya m'mapiri, imene timu inamubwereka mzime wawo kuti akakwere pa mpikisano wa tsikulo. Atatu oyambirira okha ndi amene akanalowa timu yaikulu, ndipo mtsikanayo chaka chamawa akanakhala atapyola msinkhu.

Galimoto ya timu inkabwera eyiti koloko. Seveni isanakwane, mwanayo akusamba, bambowo analowa m'shedi kuti aione njingayo komaliza. Palibe anawatuma. Chinawatuma n'chikondi, ndi kamtima kaja ka amisiri kosakhulupirira dzanja la wina.

Kapepala komata pa foloko kankati mpweya uzikhala pa 80. Anamanga kapampu kake pa valavu, kamuvi n'kuloza 72. Anapopa kufika 80, n'kumasula. Atamanganso, 72. Kachitatu, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika kumsana.

Anapaka thovu la sopo pa valavu, osaona kanthu. Anatsamiritsa khutu pa foloko ngati namwino, zii. Anaganiza zokagogoda kubafa, koma ungamuuze bwanji mwana amene wakhala miyezi isanu ndi itatu akulawirira kukakwera zitunda kuti njinga yake ikutha mpweya? M'maganizo ankamuona akutsika phiri, foloko n'kutitimira, iye n'kugwa chamutu pamiyala. Mantha anawagwira zenizeni.

"Ikudontha m'kati," anadziuza. Paja ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Anatulutsa mpweya wonse, n'kumasula chotsekera chapamwamba ndi sipanala yomwe sinali saizi yake. Anatokosa kalabala kozungulira chotsekeracho ndi nsonga ya kampeni kuti aone ngati kang'ambika. Kanali kabwinobwino. Kanaduka pobwezera.

Apa ndiye mutu unaima. Anakhuthula zitini zonse pa benchi: mabawuti, mipira ya habu, malabala a mpope wa madzi, koma kofanana nako panalibe. Anadula chubu chakale, anakulungapo ulusi, anapaka girisi, akupemphera chamumtima. Popopa, kamuvi kankafika 60 n'kumatsika iwo akuona, mpweya uli fooo.

"Ababa, mukutani?"

Mzime uja anali pakhomo, chipewa chili kale kumutu, nambala ataimata pamsana.

"Imatha mpweya, mwanawe. Ndikati ndiyeze, yatsika ndi eyiti. Katatu konse."

Mtsikanayo anayang'ana pampu, kenako kalabala kali zidutswa ziwiri pa benchi.

"Imatero, Ababa," anatero motsitsa. "Mukamanga pampu, mpweya wina umathawira m'kapayipi kake, n'chifukwa chake muvi umatsika. Siimadontha ayi. Ndinaiyeza ndekha dzulo."

Mtsikanayo anagwira zogwirira za njingayo n'kukanikiza. Foloko inamira mpaka pansi, osabwereranso.

"A kochi sangakhale ndi kalabala kena?" A Sipoko anafunsa. "Kapena njinga ina? Ndithamangira kulikonse, mwanangu, ungondiuza kumene."

"Timachita kuitanitsa, kamatenga masabata awiri. Ndipo ya saizi yanga ndi yomweyi."

Panja hutala inalira. Mtsikanayo anavula chipewa, n'kuchiika bwinobwino pa benchi, n'kutuluka. Bambowo anatsala chiimire, sipanala ili m'manja, akumva zonse kudzera m'malata.

"Pepani a kochi, sindipita. Ndinatsegula foloko dzulo, ndadula labala."

A Sipoko anafuna kukuwa kuti ndi ine, koma sanatuluke m'shedimo. Manyazi otere anali asanawamvepo chibadwire.

"Iwe!" kochi anakalipa, injini ikulira. "Chaka chako chomaliza ichi! Bambo ako ndi mmisiri, ali m'nyumba momwemo. Bwanji sunawafunse?"