Adaputa ya Mano Awiri

Ntchito zanga za tsiku ndi izi. Kukacha ndimachapa matewera, kusambitsa mwana, kuwasiyira bambo ake madzi pamoto, kenako mwana kumsana, ulendo wa kumene amaphunzitsa makompyuta. Kumeneko ndimasesa, kukolopa, kupukuta fumbi pa makompyuta asanu ndi atatu, kenako ndimatsegula kabati ya Madamu, eni ake a malowo, n'kutulutsa maadaputa. Adaputa ndi kanthu kakang'ono ngati chala, kamene umabaya kumbuyo kwa kompyuta kuti igwire wayifayi. Makompyuta athu ndi akalekale, paokha wayifayi sakuidziwa. Tikaweruka ndimazula maadaputa onse n'kutsekera m'kabati, chifukwa kanthu kokwana m'thumba sikachedwa kumera miyendo. Malipiro anga ndi mpando. Ndikamaliza kukolopa ndimakhala pansi n'kumaphunzira nawo.

Vuto linali lakuti m'mawa uliwonse makompyutawo ankadzuka ataiwala zonse. Madamu ankayenda imodziimodzi kulemba pasiwedi ya wayifayi, theka la ola n'kutha. Atatopa analemba pasiwediyo papepala n'kumata pakhoma, moyang'anizana ndi windo. Ometa tsitsi a khomo loyandikana nafe ali ndi maso abwino. Pasanathe sabata makasitomala awo ankaonera mpira pa wayifayi yathu, ife intaneti ikuyenda ngati nkhono.

Lachisanu lina kunali mayeso a pa intaneti, opezera setifiketi ya makompyuta. Ankayamba naini koloko, ndipo amene sanalowe pakatha mphindi khumi ndi zisanu ankatsekeredwa kunja mpaka chaka chamawa. Ine sukulu ndinasiyira panjira mimba itaoneka. Pepala lokhalo lokhala ndi dzina langa linali khadi la kusikelo. Setifiketi imeneyo ndinkaifuna ngati madzi.

Lolemba la sabata ya mayesoyo Madamu anaitana katswiri wokonza makompyuta. Anafika ndi chikwama chachikulu, anadinadina, n'kupukusa mutu.

"Mayi, awa ndi agogo. Agogo suwaphunzitsa kuvina kwa masiku ano. Gulani ena."

"Ndigule ndi chiyani, tsitsi?" anatero Madamu. Katswiri atapita anandiyang'ana. "Amake mwana, mwina mayesowa tingowasiya."

Ndinapita kukachapa chikolopa.

Pali chinthu chimene ndinkabisa. Mwana wanga pomera mano analuma adaputa imodzi, n'kusiyapo timabowo tiwiri. Poopa kuti Madamu aiona, m'mawa uliwonse ndinkaibaya pa kompyuta ya pakona, kuseri kwa chitseko. Enawo ndinkangotola imene yabwera m'manja n'kubaya paliponse, poti onse ndi akuda ofanana. Ndikufinya chikolopa chija ndi pamene zinandibwerera: kompyuta ya pakona ndi yokhayo imene sinkaiwala.

Ndinalowa madzi akudontha m'manja.

"Madamu, ndili ndi mlandu. Onani izi."

"Mano a ndani awa?"

"A mdzukulu wanu. Mundikalipire mawa. Makompyutawa sakuiwala ayi, ndine ndikuwasokoneza. Iliyonse imazolowera adaputa yake. Ndikaipatsa ina imaiona ngati mlendo, n'kuyambanso kufunsa pasiwedi."

"Iwe, katswiri wa chikwama uja osaziona zimenezo?"

"Katswiri sabwera m'mawa kudzabaya."

Ndinatulutsa kyutekisi wofiira, wopaka zikhadabo, m'chikwama mwanga. Kompyuta yoyamba kadontho kamodzi, adaputa yake kadontho kamodzi. Yachiwiri timadontho tiwiri, mpaka yachisanu ndi chitatu. Lachiwiri m'mawa ndinabaya motsatira madontho. Zisanu ndi imodzi zinagwira zokha. Ziwiri zinakana, zinkafuna munthu azidine kaye.

Ziwiri n'zambiri mayeso akakhala a mphindi. Masana ndinabwereka foni ya Madamu n'kufufuza mpaka ndinapeza vidiyo ya munthu akuonetsa kafayilo ka mizere itatu. Mzere woyamba umauza kompyuta kuti idikire pang'ono adaputa idzuke, wachiwiri umaipatsa dzina la wayifayi ndi pasiwedi zosungidwa kale, wachitatu umati lumikiza. Kafayiloko umakaika pamalo pamene kompyuta imawerenga yokha ikamayaka. Chingerezi chake chinali chothamanga, ndiye ndinkaimitsa, kukopera m'kope, kubwezanso. Ulendo woyamba sizinatheke, ndinasiya mpata pamalo posafunika. Ulendo wachinayi kachizindikiro ka wayifayi kapakona kanadzaza timizere take tonse popanda munthu kugwira mausi. Ndinakuwa mpaka mwana anadzuka kumsana.

Lachitatu ndinati, "Madamu, tsopano tisinthe pasiwedi. Ikhale yaitali, yopanda dzina lanu kapena chaka chobadwa. Palibe adzailembenso pamanja, ikhala m'kafayilo."

Anasintha. Ine ndinakopera kafayilo kaja pa fulashi n'kukaika pa makompyuta onse, kenako ndinamatula pepala lapakhoma lija n'kukayatsira mbaula.

Pasanathe ola ometa tsitsi anasuzumira pawindo, makina ali m'manja.

"Achemwali, wayifayi yanu yadwala kodi?"

"Yachira, achimwene. Matenda ake munali inuyo."

"Aaa, anthu oyandikana nyumba amapatsana moto!"

"Moto tikupatsani. Mpira muzigulira nokha."

Lachisanu tinakhala asanu ndi atatu, aliyense pampando wake. Mwana ndinamusiya kwa alamu anga. Kutatsala mphindi ziwiri kuti naini ikwane, magetsi anathima. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza. Madamu anangogwira m'mutu. Tinkayang'ana wotchi yapakhoma: mphindi zisanu, zisanu ndi zitatu, khumi. Kenako babu linayaka.

Kale pamenepo pakanafunika theka la ola.

"Yatsani basi," ndinatero. "Musagwire china chilichonse."

Agogo aja anatsokomola, kulira mafani awo, n'kudzuka mmodzimmodzi. Timizere tinadzaza pa yoyamba, yachiwiri, mpaka ya pakona ya mano awiri. Womaliza analowa m'mayeso kutatsala mphindi imodzi. Madamu anaimba nthungululu, kenako anakumbuka kuti ndi mayeso n'kudzitseka pakamwa.

Tinakhoza asanu ndi awiri. Setifiketi yanga ili m'pulasitiki pamwamba pa kabati kunyumba, pamene mano a mwana safika. Katswiri uja anabweranso kudzafunsa ngati Madamu aganiza zogula makompyuta atsopano. Anamuonetsa madontho ofiira n'kumuuza kuti afunse amake mwana. Anajambula kope langa ndi foni yake, osandiyang'ana kumaso.

Zonse pamodzi zinadya izi: theka la botolo la kyutekisi, masamba anayi a kope, fulashi imene Madamu anali nayo kale, matewera a masiku awiri amene anadikira m'beseni, ndi moni wa ometa tsitsi, amene mpaka lero sanabwerere.